Seva Imene Inkamvera Mwini Wake Yekha

Panali munthu wina, dzina lake Lonjezo, amene ankalemba mapulogalamu a kompyuta. Ankakhala ku Dedza, ndipo ntchito yake yaikulu inali ku bungwe lina la alimi a tomato. Bungwelo linali ndi lole imodzi yozungulira m'midzi kutenga tomato n'kupita naye ku misika ya m'tauni. Kale alimi sankadziwa tsiku lenileni lobwera lole. Ena ankathyola msanga, tomato n'kufewera pamsewu. Ena ankachedwa, lole n'kuwadutsa. Lonjezo analemba pulogalamu yotumiza uthenga pa foni kwa mlimi aliyense, womuuza tsiku lothyola ndi tsiku lodikira lole. Alimi anaizolowera, moti ambiri anasiya kufunsana. Ankangoyang'ana foni.

Pulogalamuyo inkakhala pa seva, kompyuta ya kutali imene bungwelo linkachita lendi, imene palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo anaionapo ndi maso. Zolemba zonse za pulogalamu, pamodzi ndi mbiri ya zonse zimene zinasinthidwapo, Lonjezo ankazisunga pa sevayo, pamalo amodzi amene ankawatchula kuti nkhokwe. Wofuna kukonza kanthu ankayenera kukopera nkhokwe yonseyo pa kompyuta yake, kukonza pamenepo, kuyesa, kenako n'kubweza zokonzedwazo ku seva. Chida chogwirira ntchito yokoperayi chimatchedwa Git, ndipo chimayenera kupezeka mbali zonse ziwiri, kwa wopempha ndi kwa wopereka.

Pa seva ija chidacho panalibe. Lonjezo analibe chilolezo choika zinthu pamalo ofikira aliyense, choncho anachiika m'foda yakeyake. Tsono seva ikapatsidwa lamulo sifufuza paliponse. Ili ndi njira zochepa zimene inauzidwa, ndipo imayang'ana m'menemo mokha. Chimene chili kunja kwa njirazo, kwa iyo kulibe. Lonjezo ankadziwa zimenezi. Anatsegula fayilo imene seva imawerenga munthu akangolowa, n'kulembamo mzere umodzi wowonjezera njira ya ku foda yake. Anatuluka, analowanso, analemba lamulo, ndipo chidacho chinayankha.

Koma atayesa kukopera nkhokwe pa laputopu yake, seva inakana. Inayankha kuti lamulolo sikulipeza. Tsiku limenelo Lonjezo anali pachangu, ndipo sanafunse chifukwa chake. Anangouza laputopu yake malo enieni pamene panali chidacho, kuti nthawi iliyonse ikamapempha izitchula njira yonse. Zinatheka. Anapitiriza ntchito, ndipo m'kupita kwa zaka anaiwala kuti anachitapo zimenezo.

Lonjezo anali ndi mlongo wake wamng'ono, Ndaziona, amene ankakhala ku Lilongwe. Iyeyu anayamba ndi uphunzitsi, kenako anabwerera kusukulu kukaphunzira za makompyuta. Ali mwana anali woiwalaiwala. Ankasiya makiyi pachitseko, akatumidwa mchere ankabwera ndi machesi, ndipo abale ake ankamuseka nazo. Anakula n'kusintha, koma m'maso mwa mchimwene wake anali yemwe uja.

Ntchito itachuluka, bungwe linavomera kuti Lonjezo apeze womuthandiza. Iye anatchula mlongo wake, ngakhale mumtima ankakayika. Anagwirizana kuti Ndaziona ayambe mongoyeserera, ndipo akaoneka kuti akutha, alembedwe. Lonjezo anamupatsa kiyi yokoperera nkhokwe, chizindikiro chachinsinsi chimene seva imazindikirira munthu, koma anamuletsa kulowa pa seva kukagwira chilichonse, pakuti cholakwika chaching'ono pamenepo chikanafika pa foni za alimi onse.

Asanakhale naye pansi kuti amuonetse ntchito, apongozi ake a Lonjezo anamwalira ku Mulanje. Ananyamuka mofulumira ndi mkazi wake, laputopu n'kuitsekera m'nyumba. Inali nyengo imene tomato wapsa m'minda yonse.

Ali kumaliro, wapampando wa bungwe anamuimbira foni. Wapampandoyo anali mayi wachikulire amene nayenso ankalima tomato, ndipo sankakonda kuzungulira polankhula. Anati mwezi utasintha pulogalamu yasokoneza masiku. Alimi a mudzi wina alandira uthenga woti lole ibwera Lachiwiri, chonsecho inali yoti ibwere Lachisanu. Mauthenga a midzi ina anali asanapite, koma nthawi yake inali pafupi.

Lonjezo anazindikira msanga pamene panali vuto. Anaimbira Ndaziona, namuuza fayilo yake ndi mzere wake. Anati akopere nkhokwe, akonze, ayese pa kompyuta yake, n'kubweza. Inali ntchito yaing'ono, ndipo anamuuza choncho.

Posakhalitsa Ndaziona anaimbanso.

"Achimwene, nkhokwe ikukana kubwera. Seva ikuti lamulolo sikulipeza."

Lonjezo anachoka pa anthu n'kupita kuseri kwa nyumba. Netiweki inali yodukaduka m'mudzimo, koma anakwanitsa kulowa pa seva ndi foni yake. Analemba dzina la chida chija, ndipo chinayankha bwinobwino.

"Kuno zikugwira ntchito," anatero. "Walemba molakwika. Yang'anitsitsa."

Ndaziona anayang'anitsitsa, analembanso, ndipo seva inayankha chimodzimodzi. Anamuwerengera mchimwene wake uthengawo mawu ndi mawu. Lonjezo anati mwina ndi kiyi. Kiyi inali bwino, pakuti seva inkamulandira isanakane. Anati mwina ndi intaneti. Ndaziona anapita kwa mnzake n'kuyesa pa kompyuta ina ndi intaneti ina, koma yankho silinasinthe. Nthawi iliyonse akaimba, Lonjezo ankalowa pa seva, ankalemba lamulo, n'kuona kuti zonse zili m'malo. Nthawi iliyonse ankatsimikiza kwambiri kuti vuto lili ku Lilongwe.

Pomaliza Ndaziona anapempha kuti amulole kulowa pa seva akaone yekha, osagwira kanthu. Lonjezo anakana.

"Ngati ukulephera kukopera chabe, ukalowa uwononga," anatero, ndipo anabwerera kwa anamfedwa.

Kukonza pulogalamu pa kafoni popanda kuyesa, Lonjezo sakanayerekeza. Kuimitsa mauthenga onse kukanasiya lole ikuzungulira m'midzi popanda woidikira. Iye anaganiza kuti mlongo wake apeza yekha pamene akulakwitsa, choncho anasiya zinthu mmene zinalili. Mauthenga anapita ndi masiku olakwika.

Ndaziona ataona kuti sizikutheka, anapempha wapampando manambala a atsogoleri a magulu a alimi, n'kuyamba kuwaimbira mmodzimmodzi. Ena anawapeza, ndipo anauza anzawo kuti asathyole. Ena mafoni awo anali othima, ena anali kudimba kumene netiweki sifika. Amenewo anathyola monga uthenga unanenera. Ananyamula madengu pamutu ndi panjinga kupita nawo kumsewu, nadikira. Dzuwa linali loswa mtengo. Pofika tsiku lenileni la lole, tomato wambiri anali atafewa n'kuyamba kuchucha, ndipo dalaivala anakana kumukweza. Alimi ena anamugulitsa motchipa kwa odutsa, ena anamutaya m'ngalande.

Maliro atatha, Lonjezo anabwerera ku Dedza. Anatsegula laputopu yake, anatenga zatsopano ku nkhokwe popanda chovuta, anakonza mzere uja, anayesa, n'kubweza. Tiyi amene mkazi wake anamuikira anali asanazizire. Kuphweka kwa ntchitoyo kunamutsimikiziranso zimene ankaganiza kale.

Pamsonkhano wa komiti ya bungwe, wapampando anamufunsa chimene chinachitika. Lonjezo anafotokoza za kusokonekera kwa masiku, navomera kuti limenelo linali vuto la pulogalamu yake. Koma anawonjeza kuti kukonza kwake kunali kosavuta, ndipo amene anamusiyira ntchito analephera ngakhale kuyamba. Anati mlongo wake ndi munthu wabwino koma sanakonzeke. Sankanama. Ankanena zimene ankakhulupirira, ndipo anali ndi umboni wa maso ake. A komiti anamumvera chisoni kuti akulankhula choncho za m'bale wake, ndipo anamulemekeza chifukwa chosamubisira. Kuyeserera kwa Ndaziona kunathera pomwepo.

Lonjezo anamuuza pa foni. Ndaziona anamvetsera mpaka pamapeto, anati wamva, ndipo sanatsutse. Patapita nthawi anapeza ntchito ku kampani ina ku Blantyre n'kusamuka. Awiriwa akakumana paukwati kapena pachinkhoswe ankapatsana moni mwaulemu, kufunsana za ana, n'kupatukana. Mayi awo anaona, nafunsa aliyense payekha, ndipo aliyense anati palibe kanthu.

Mvula itayamba, tsiku lina Lonjezo ananyowa ali panjinga yamoto pochokera kumidzi. Madzi analowa m'chikwama, ndipo laputopu ija sinayakenso. Anapita nayo kwa okonza, koma anati palibe chopulumutsa. Sanadandaule kwambiri, pakuti ntchito yake yonse inali m'nkhokwe pa seva. Anapeza laputopu ina, anaikamo zofunika, n'kulemba lamulo lokopera nkhokwe.

Seva inayankha kuti lamulolo sikulipeza.

Lonjezo anayang'ana kalembedwe kake, ndipo kanali kolondola. Anayang'ana kiyi, inali bwino. Anayang'ana intaneti, inali bwino. Analowa pa seva, analemba dzina la chida, ndipo chinayankha. Anatuluka, anayesanso kukopera, ndipo seva inakana. Mawu a uthengawo sanali achilendo kwa iye. Anali atawamvapo pa foni, akuwerengedwa pang'onopang'ono, iye ataima kuseri kwa nyumba ya maliro.

Apa anachita chimene sanachite nthawi yonse ija. Ali mkati mwa seva, anaifunsa kuti imuonetse njira zimene imafufuzamo. Inamuonetsa mzere wautali, ndipo foda yake inalimo. Kenako anatuluka, ndipo ali kunja anatumiza funso lomwelo ngati pempho limodzi, osalowa. Seva inamuonetsa mzere waufupi. Foda yake munalibe.

Anamvetsa. Munthu akalowa yekha pa seva, imamulandira ngati wodzakhala, ndipo imayamba yawerenga fayilo ija imene iye analembamo njira. Koma pokopera nkhokwe munthu salowa. Kompyuta yake imatumiza pempho limodzi, ngati munthu wotumidwa amene waima pakhomo, ndipo pamenepo seva siwerenga fayilo imeneyo ayi. Imafufuza m'njira zake zochepa zija, n'kunena zoona kuti sikupeza kanthu. Chida chinalipo nthawi yonseyi. Njira yofikira kwa icho inali yotsegukira munthu mmodzi.

Anakumbukanso tsiku lija la changu, zaka zapitazo, pamene anauza laputopu yake yakale malo enieni a chidacho. Laputopuyo inamubisira vutoli mpaka tsiku limene inafa.

Tsono panali njira ziwiri. Akanatha kuuza laputopu yatsopanoyi malo enieni a chida, monga anachitira kale. Unali mzere umodzi, ntchito ikanapitirira, ndipo palibe akanadziwa. A komiti sankadziwa za mafayilo a pa seva ndipo sakanafunsa. Ndaziona anali ku Blantyre, atasiya kale nkhaniyo.

Koma Lonjezo analowa pa seva. Anatsegula fayilo ina, imene seva imawerenga ngakhale pempho likuchokera kunja, n'kulemba njira ya ku foda yake pamapeto pake. Anayesa kukopera, koma zinakanikabe. Anawerenga fayiloyo kuyambira pamwamba, ndipo anapeza mzere wouza seva kuti ngati palibe munthu amene wakhala pamenepo, isapitirize kuwerenga. Zimene iye analemba zinali pansi pa mzere umenewo. Anazisamutsira pamwamba. Anatuluka, anatumizanso funso lija ali kunja, ndipo foda yake inaonekera. Analemba lamulo lokopera, ndipo nkhokwe yonse inabwera.

Pamsonkhano wotsatira wa komiti anapempha mpata woti alankhule. M'chipindamo munali alimi ena amene tomato wawo anatayika nthawi ija. Lonjezo sanawatopetse ndi za mafayilo. Anati zimene ananena za mlongo wake sizinali zoona. Anati seva inakonzedwa mwa njira yoti izimvera iye yekha, ndipo amene anaikonza choncho ndi iye mwini. Aliyense amene akanakhala pamalo a Ndaziona akanalephera, ngakhale iyeyo, ndipo analepheradi atangosintha laputopu. Anawakumbutsanso kuti midzi imene sinathyole inapulumuka chifukwa cha mafoni amene Ndaziona anaimba, chinthu chimene pamsonkhano woyamba uja sanachitchule.

Mlimi wina anapukusa mutu n'kuyang'ana kunja. Kenako wapampando anafunsa kuti, "Ife mwatiuza. Nanga mwiniwakeyo mwamuuza?"

Lonjezo anati ayi. Wapampando anati ngati Ndaziona angafune kubwerera, malo alipo, koma woupereka uthengawo akhale iye amene anamuchotsetsa.

Lonjezo anaimbira Ndaziona masana omwewo. Atapatsana moni, anamufunsa ngati kiyi ija akadali nayo, ndiponso ngati ali pafupi ndi kompyuta. Ndaziona anati inde. Lonjezo anamupempha kuti ayesenso kukopera nkhokwe ya alimi. Ndaziona sanafunse chifukwa. Kunamveka kugogoda kwa mabatani.

"Yabwera," anatero Ndaziona.

Lonjezo anamufotokozera zonse: foda, mafayilo awiri aja, laputopu yakale, ndi zimene wanena kwa a komiti. Anapepesa, ndipo sanawonjezere chodzikhululukira. Ndaziona anamvetsa za mafayilo mchimwene wake asanamalize, pakuti kuntchito kwake kwatsopano anali atakumana nazo kale zofanana ndi zimenezo, ndipo anali ataganizira kuti mwina ndi zimene zinachitika. Sanamuimbire kuti amuuze, chifukwa sanaone kuti akanamveka.

"Ndinakuwerengerani uthenga wonse, achimwene," anatero mosakweza mawu. "Inu munkandiuza zimene mukuona kwanuko. Zimene ine ndinkaona simunazifune."

Lonjezo anavomera kuti ndi choncho. Anamuuza zimene wapampando ananena, kuti malo alipo. Ndaziona anathokoza, nati wakhazikika kumene ali ndipo sabwera. Anamuthokozanso chifukwa choimba, nati apereke moni kwa alamu ake ndi ana. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho anabwera ku Dedza n'kugona kunyumba kwa mchimwene wake, chinthu chimene anali atasiya kuchita. Za ntchito sanakambirane.

Bungwe linalemba munthu wina kuti athandize Lonjezo. Tsiku lake loyamba, munthuyo analemba lamulo lokopera, nkhokwe inabwera nthawi yomweyo, ndipo anayamba ntchito. Sanadziwe kuti panali vuto lililonse.

Inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, zidzakuchitikirani. Wina adzakuuzani kuti zikukanika, inu mudzalowa n'kupeza kuti zikutheka, ndipo nonse awiri mudzakhala mukunena zoona. Musathamangire kumuyesa wosadziwa. Inu mwalowera pakhomo limene munadzikonzera nokha, mwina kalekale, mwina munaiwala. Tulukani, muime pamene waima mnzanuyo, mutumize pempho monga akutumizira iye, muone yankho limene akulandira. Mukapeza vutolo, musalikonze pa kompyuta yanu yokha. Likonzeni kumene onse amadutsa. Ndipo ngati munanena kale kanthu za munthuyo pamaso pa anthu, bwererani kwa anthu omwewo mukakonze, kenako mupite kwa iye. Mwina ntchito sabwerera, koma dzina lake muyenera kumubwezera.